Nthutumba ya Mayi Esinati

Chiperoni chikayamba kuwaza ku Ndirande kuno, zovala n'kumagona pachingwe osauma, ine mtima umandiwawa. Inali nyengo ngati ino pamene tinaika m'manda Abusa Nampeya, ndipo inalinso nyengo ngati yomweyi, zaka zambiri m'mbuyo mwake, pamene galimoto inabwera kudzawatenga. Tsono kamvula aka kamandibweretsera zonse pamodzi. Amene ankawadziwa bwino akutha mmodzimmodzi, ndipo abusa achinyamata a masiku ano akamva dzinali amafunsa kuti anali a mpingo uti. N'chifukwa chake ndati ndilembe ine, mkazi wa mbusa mnzawo, amene ndinakhala nawo pabwalo limodzi mpaka tsiku lawo lomaliza.

Anali munthu wamfupi, wadazi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Kolala yawo inali itachita chikasu ndi ukalamba. Kuimba sankatha, koma nyimbo iliyonse ankafuna kuiyambitsa okha, ndipo akwaya ankangoyang'anana n'kumadikira kuti vesi loyamba lithe kuti aiwongole. Ulaliki wawo unali wautali moti ana ankagona, kudzuka, n'kuwapeza akadali pa mfundo yachiwiri. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndikulemba za mngelo. Anali ndi makani, ndipo akafuna kukudzudzula sankasankha malo.

Chimene anthu ambiri amawakumbukira nacho ndi nthutumba. Kwathu kuno mbusa akafika pakhomo, nkhuku imafa. Ndipo aliyense amadziwa kuti nthutumba ndi ya mlendo wolemekezeka, ikasowa m'mbale mayi wophikayo ali ndi mlandu. Abusa Nampeya sankaidya. Akangomaliza kupempherera chakudya ankapisa m'thumba la jekete, kutulutsa kapepala ka buledi kopindidwa bwinobwino, n'kuikulunga nthutumbayo anthu onse akuona.

"Iyi ndi ya mayi kunyumba," ankatero, n'kuiponya m'thumba.

Ena ankaseka, ena ankakhumudwa. Madoda ena ankawakumbutsa kuti nthutumba sadya munthu wamkazi. Iwo ankayankha kuti Baibulo analiwerenga kuyambira ku Genesis mpaka ku Chivumbulutso koma lamulo limenelo sanalipezemo, ndipo amene walipeza awasonyeze tsamba lake. Thumba la kumanja la jeketeyo linada ndi mafuta, ndipo sopo aliyense analephera.

Lolemba ndi tsiku limene abusa amapuma, ndipo tsiku limenelo abusa achinyamata ankasonkhana kwa Abusa Nampeya, pansi pa mtengo wa mapeyala umene unali kuseri kwa nyumba ya mpingo. Ankachokera ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ena mpaka ku Machinjiri, a mipingo yosiyanasiyana, ena panjinga ena wapansi. Masiku amenewo anthu akakhala pamodzi ambiri ankafunsidwa kuti akukambirana chiyani, choncho iwo sankautcha msonkhano. Ankangoti akukamwa tiyi kwa madala. Mkuluyo sankafunsa kuti wabatiza angati kapena kuti tchalitchi chinadzaza bwanji. Funso lake loyamba linali lakuti mayi adzuka bwanji. Ukayankha kuti ali bwino, ankafunsanso kuti masiku ano chikuwadetsa nkhawa n'chiyani. Apa ndi pamene ambiri ankagwa.

Amuna anga anagwapo. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chilomoni, titangoyamba kumene utumiki. Tsiku lina ndinangowaona akubwerera dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu, njinga akuikankha.

"Bwanji, kulibe tiyi lero?" ndinafunsa.

"Andibweza."

"Mwalakwa chiyani?"

Anakhala pansi, n'kumayang'ana nsapato zawo. "Akuti ndidzakufunse chimene chikukudetsa nkhawa. Akuti ndisabwerenso kumeneko ndisanadziwe."

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti, kenako ndinangozindikira ndikulira. Chikwatirane palibe tsiku limene anandifunsapo funso limenelo. Tinalankhula mpaka ndiwo zinapserera.

Zonena zawo abusa aja ankazibwereza m'nyumba zawo, moti ifenso akazi awo tinaziloweza. Ankati mbusa ali ndi mipingo iwiri, ndipo waung'onowo ndi umene umamuona atavula kolala. Ankati mbusa amene amanenepa ndi nkhuku za m'makomo pamene kwake akudya bonongwe wopanda tomato ndi wakuba, ngakhale apemphere bwanji. Ankati abusa ambiri sagwera pa guwa, amagwera pa ulendo woyendera nkhosa, choncho popita kwa mayi wokhala yekha utenge mkazi wako kapena mkulu wa mpingo, ndipo ngati onse atanganidwa, nawenso tanganidwa. Kwa amene ankabwera atatopa, akufuna kusiya ubusa chifukwa cha miseche ya mumpingo, ankawamvetsera nthawi yaitali osawadula. Pomaliza ankawakumbutsa kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, n'kuwathirira tiyi wina.

Akazi awo, Mayi Esinati, ine ndinawadziwa pang'ono asanadwale. Anali aatali kuposa amuna awo, ofatsa, aukhondo kwambiri, ndipo ankasoka ndi makina apamanja pakhonde. Ana awo awiri anamwalira ali aang'ono, ndipo sanakhalenso ndi wina. Tsiku lina anangogwa akusesa pabwalo. Mbali yonse ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatha. Kuchipatala anati palibe chimene angachite, akawasamale kunyumba.

Mkangano waukulu unayambira pamenepo. Mlongo wawo wa Mayi Esinati, a Dayisoni, anabwera kuchokera ku Chiradzulu. Sanabwere ndi nkhanza ayi, anabwera ndi mwambo. Kwathu mkazi akadwala matenda osachira amabwerera kwa eni mbumba, kumene kuli azichemwali ake omusambitsa. Mkulu wa mpingo, a Matewere, anagwirizana nawo, poti ntchito ya Mulungu isaime chifukwa cha matenda a munthu mmodzi.

"Alamu," anatero a Dayisoni, "inu ndinu mwamuna, komanso munthu wa ntchito. Tipatseni mlongo wathu tikamusamale. Palibe amene angakunyozeni."

"Alamu, tsiku la ukwati munalipo?"

"Ndinalipo."

"Ndinalonjeza chiyani?"

"Zimenezo ndi za m'tchalitchi, alamu. Pano tikukamba za munthu woti akudziipitsira pogona."

"Ndi zomwezo zimene ndinalonjeza. Kungoti tsiku lija sindinkadziwa fungo lake. Amayiwa m'nyumba muno adzatuluka ndi nyimbo ya maliro, osati ndi matola."

A Dayisoni anabwerera atakwiya, ndipo anatha nthawi yaitali osapondako.

Amayi a mumpingo, aja osonkhana Lachinayi, ankasinthana kudzaphika ndi kusesa. Koma kusambitsa ndi kuchapa zoyala za wodwalayo Abusa anakaniza. Ankati mkazi wawo anali munthu wamanyazi, sangalole kuti amayi amene ankawaphunzitsa kusoka aone zimene thupi lake layamba kuchita. Choncho m'mawa uliwonse mbusa wathu ankanyamula beseni n'kutsetsereka kupita kumtsinje wa Nasolo, kukakhala pamwala pakati pa amayi. A Matewere zinawanyansa. Ankati mpingo wasanduka choseketsa m'Ndirande monse, anthu a mipingo ina akutifunsa ngati abusa athu amalandiranso zochapa za ena. Abusa anawayankha pamaso pa madoda onse kuti ngati a Matewere ali ndi malaya akuda abwere nawo. Sanalankhulane mpaka pa Pasaka.

Chakudya ankawadyetsa okha. Nthutumba ija ankaiduladula tizidutswa tating'onoting'ono, n'kumawapatsa ndi supuni uku akuwauza kuti yachokera kwa yani, nyumba yake ili pati, mwana wake wakhoza mayeso kapena ayi. Madzulo ankawanyamula kukawakhazika pampando pakhonde, iwo n'kukhala pampando wina pambali, onse kuyang'ana kumsewu. Zinapitirira choncho zaka zingapo, mpaka Ndirande anazolowera.

Patapita zaka zambiri, zonse zimene ndikufuna kufotokozazi zitachitika, mbusa wina wachinyamata anaima pansi pa mpeyala paja n'kuyamba kuwatamanda kuti ndi ngwazi ya chikhulupiriro, anakana kupereka nkhosa yawo ngakhale m'ndende. Ine ndinali kuthira tiyi. Mkuluyo anamuuza kuti akhale pansi. Anati iwo analumbira kawiri pamoyo wawo, kwa mkazi ndi kwa mpingo, ndipo linafika tsiku limene malumbiro awiriwo anakokera kosiyana. Anasunga limodzi. Anati mpaka lero sadziwa ngati anasankha bwino, ndipo amene akudziwa ndi Mulungu yekha, choncho munthu asawaombere m'manja. Tiyi wa tsiku limenelo anazizirira m'makapu.

Zinachitika chonchi. Inali nyengo ya chiperoni, zikondwerero za ufulu wa dziko zikuyandikira. Masiku amenewo amayi onse ankayenera kupita kokayeserera magule ovinira mtsogoleri wa dziko, ndipo chaka chimenecho anali atalandira nsalu zatsopano zokhala ndi nkhope yake. Nsalu imeneyo sinali nsalu wamba. Mayi aliyense ankadziwa, popanda womuuza, kuti siiyalidwa pansi, siiberekera mwana wotsegula m'mimba, ndipo pochapa umachapira m'beseni kuseri kwa nyumba, kufikisa ndi manja pang'onopang'ono. Pamwala siipita.

Mumpingo mwawo munali mayi wina wamasiye, aNachisale, wogulitsa zitumbuwa pamsika, amene ankalera yekha ana aang'onoang'ono. Tsiku limenelo akuchokera ku magule anadzera kwa Abusa kudzazonda wodwala. Anapeza Abusa apita kumaliro, Mayi Esinati anyowa, akunjenjemera ndi chisanu. Anafunafuna chowayalira, koma zonse zinali pachingwe, zonyowa ndi kamvula kosatha kaja. M'chikwama mwawo munali nsalu yatsopano ija, youma. Anaiyala, nati mawa m'mamawa adzaitenga akaichape okha. M'mawa mwake mwana wawo anadzuka ndi malungo, ndipo anachedwa.

Abusa anasonkhanitsa zonse zoipitsidwa monga mwa masiku onse n'kupita nazo ku Nasolo. Kuchapa anaphunzira atakula, poonera amayi, ndipo chimene anaphunzira n'chakuti nsalu yoipitsidwa umaimenyetsa pamwala. Lamulo lina lija palibe anawauzapo, poti ndani akanaganiza zouza mwamuna? Anainyika, anaipaka sopo, n'kuyamba kuimenyetsa pamwala, nkhope ija ili poyera. Amayi amene analipo amati phokoso lonse la pamtsinje linangoti zii. Mmodzimmodzi anayamba kulongedza zochapa zawo zosatha n'kumachoka. Mayi wina wachikulire anayesa kuwanong'oneza, koma zinali zitaoneka kale. Abusa pambuyo pake ankati sanaone nkhope ya munthu aliyense, anaona choyala cha mkazi wawo.

Amene anakanena sitimudziwa mpaka lero, ndipo ndinasiya kufuna kumudziwa. Dzuwa lisanapendeke anyamata a chipani anafika ndi galimoto. Anaichotsa nsaluyo pachingwe, n'kuwapeza Abusa ali ndi supuni m'manja. Anapempha kuti amalize kudyetsa wodwala, koma sanawalole.

Akuluakulu a mpingo anachita mantha. Analengeza kuti Abusa Nampeya aimitsidwa, ndipo anatumiza amuna anga kuti akagwire mpingo wa ku Ndirande ndi kulowa m'nyumba ija. Tisanasamuke, amuna anga ndi a Matewere analoledwa kukawaona kamodzi kupolisi, ndipo apolisi anawalola chifukwa ankafuna kuti akawanyengerere. Nkhani inali yakuti nsaluyo inali ya chaka chomwecho, ndipo Mayi Esinati anali asanavinepo kwa zaka. Ndiye kuti inali ndi mwini wake, amene anaiyala pansi pa wodwala. Apolisi anawauza Abusa kuti akangotchula dzina, iwo adzatengedwa ngati nkhalamba yosadziwa kanthu, n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Amuna anga anabwera atafooka, ndipo anandifotokozera zonse. Akuti a Matewere, aja ankakangana nawo, anagwada pansi.

"Abusa, tchulani. Mayi sakudya. Akungoyang'ana kukhomo."

"Ndikatchula, ana ake aja alera ndani?"

"Nanga mayi asamala ndani? Si inu nomwe munati simudzawasiya?"

Akuti mkuluyo anapukuta milomo yake yotupa. Kenako anati, "Nsalu ndinachapa ndine. Za m'nyumba mwanga ndiyankha ndine. Munthu anabwera kudzafunditsa mkazi wanga akuzizidwa, ine ndimulipire ndi ndende?" Anatembenukira kwa amuna anga. "Mwananga, akuti nyumba ija ukulowamo ndiwe. Lowa. Koma mayi ako asatuluke. Ndipo mwini nsalu ukamuuze akhale phee, akadziulula atitsekera tonse awiri."

Anawachotsa kupolisi kuja, ndipo kumene anawapititsa sitinauzidwe.

ANachisale anabwera kwa ine akulira, akufuna kukadzipereka. Ndinawagwira pakamwa. Amayi a chipani anayamba kuyendera nyumba ndi nyumba kuti aliyense aonetse nsalu yake, ndipo anawapulumutsa ndi mayi wina wachisilamu woyandikana nawo, amene anali nazo ziwiri. Anangowaponyera imodzi pawindo.

Tinalowa m'nyumba ya mpingo, koma chipinda chachikulu sitinachikhudze. Mayi Esinati anakhalabe pabedi pawo, ife ndi ana tinkagona pabalaza. Sizinali zophweka, ndisaname. Kusunga mkazi wa munthu womangidwa unali mlandu wosalembedwa, ndipo anthu amene kale ankadzaza pakhomopo anayamba kulambalala. Akuluakulu anatumiza uthenga kuti wodwalayo apite kwawo. A Dayisoni anabweranso, ulendo uno atabwereka galimoto, ndipo kunena zoona anali ndi mfundo. Mwamuna kulibe, mwana kulibe, mlongo wawo akusamalidwa ndi anthu osakhala abale. Amuna anga anaima pakhomo n'kunena kuti anapatsidwa nyumba pamodzi ndi munthu wake, ndipo sangapereke chimodzi mwini wake kulibe. A Dayisoni analowa kukaona mlongo wawo. Atamufunsa ngati akufuna kupita kumudzi, mayiyo anagwira chitsulo cha bedi ndi dzanja lamoyo lija, osachisiya. Galimoto inabwerera yopanda kanthu.

Vuto linali kudya. Phala ankalavula, tiyi ankakana, maso ali kukhomo. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa, ndinayesa kuimba. Thupi linayamba kutha ndikuona. Tsiku lina amuna anga anabwera kuchokera koyendera akhristu ku Makata, n'kutulutsa m'thumba kanthu kokulunga m'pepala la buledi. Anachita manyazi pondipatsa. Nditalowa nako kuchipinda, Mayi Esinati anamva kulira kwa pepalalo ndipo anadzidzimuka, nayang'ana kukhomo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine, misozi ikutsikira m'khutu. Anadziwa kuti si amuna awo. Koma nditaduladula n'kuwauza kuti yachokera kwa yani, anatsegula pakamwa.

Lolemba lotsatira amuna anga anauza abusa ochepa amene ankabwerabe. Ambiri anali atasiya, ndipo sindiwaweruza, anali ndi ana. Koma amene anatsalawo anayamba kubwera ndi timapepala. Nthutumba zinkachokera ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, m'matumba a majekete a abusa a mipingo yoti paguwa sinkagwirizana n'komwe. Ena mwa amene ankaopa kuonekera ankatumiza akazi awo ngati akupita kumsika. Anthu m'makomo anazindikira chimene chikuchitika, ndipo ena ankachita kuikulunga okha mbusa asanapemphe, osatchula dzina la munthu. A Matewere anapha nkhuku yawo yoikira mazira n'kubweretsa okha.

Zinawasunga miyezi ingapo, koma sizikanawasunga mpaka kale. Anamwalira m'nyengo yotentha, masana, mitengo ya jakaranda itachita maluwa. Ndinali nawo ine ndi aNachisale. Mpaka mpweya womaliza nkhope inali italoza kukhomo, ndipo chimenecho ndi chimene sindidzaiwala.

Tinkaganiza kuti a Dayisoni atenga maliro kupita nawo ku Chiradzulu, poti mwambo unali kumbali yawo. Anafika, analira, nakhala pansi pa mpeyala nthawi yaitali. Kenako anati mlongo wawo aikidwe konkuno. "Alamu anga akadzatuluka asadzayende mtunda wautali pofuna mkazi wawo," anatero. Pamaliropo anthu anali ochepa, nyimbo zinali zapansipansi, ndipo panali nkhope zina zachilendo zimene sizinabwere kudzalira. Amuna anga analalikira mwachidule, kolala ili pakhosi.

Abusa anawatulutsa m'ndende mvula yoyamba itagwa. Palibe anatiuza, ndipo iwonso palibe anawauza kanthu. Anangowatsitsa m'tauni, iwo n'kuyenda wapansi mpaka ku Ndirande. Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba pamene ndinaona nkhalamba yowonda, yopanda mano akutsogolo, itaima pampanda. Ndinawazindikira ndi jekete. Kuyenda kofulumira kuja kunali kutatha. Sanayang'ane ine, anayang'ana chingwe. Panali timalaya ta ana anga basi, panalibe choyala ngakhale chimodzi. Anagwira mtengo wa mpanda.

"Liti?" anafunsa.

"M'nyengo yotentha, Abusa."

"Anamwalirira kuti?"

"M'chipinda chawo, pabedi pawo."

"Sanawatenge?"

"Sanawatenge, bambo. Anatuluka ndi nyimbo."

Anakhala pansi padothi lonyowa pomwepo n'kulira mokweza ngati mwana. Ine chibadwire ndinali ndisanamvepo mwamuna wamkulu akulira choncho. Nditawauza za timapepala tija analiranso, n'kumafunsa maina a abusawo mmodzimmodzi. ANachisale atamva anabwera akuthamanga n'kudzigwetsa pamapazi awo. Abusa anawadzutsa n'kuwafunsa ngati mwana uja anachira malungo.

Paguwa sanawabwezerepo msanga, ndipo pamene akuluakulu analimba mtima mkuluyo anali atatopa. Anakana kutitulutsa m'nyumba yaikulu. Anasankha kanyumba ka chipinda chimodzi kuseri, pafupi ndi mpeyala, natengako bedi, mipando iwiri ija ndi makina osokera. Za m'ndende sankakamba. Lolemba abusa anayambanso kubwera, aja anathawa aja pamodzi, ndipo sanawafunse kumene anali. Anangowafunsa kuti mayi adzuka bwanji.

Chimene anawonjezera pa ziphunzitso zawo chinali chimodzi. Ankati tsiku loipa limafika kwa mbusa aliyense, tsiku limene sungathe kukhala kuwiri. Ankati iwo chimene chimawagonetsa tulo n'chakuti masiku wamba sanawabere Esinati, anawapatsa onse, moti pamene linafika tsiku lowalanda anali atadya kale zawo. Mbusa amene amapatsa banja lake nyenyeswa za nthawi, tsiku limenelo adzapezeka alibe chokumbukira. Ankatinso lumbiro lawo la m'nyumba anawasungira ndi anzawo, choncho mbusa wopanda mnzake mbusa ndi munthu wakufa kale, poti mutu umodzi susenza denga.

Ulendo woyamba kuitanidwa kukadya pakhomo pa munthu atatuluka, ine ndinalipo. Atapemphera, dzanja linapita lokha m'thumba. Anatulutsa kapepala, anakulunga nthutumba, ndipo ali pafupi kunena mawu aja anaima. Anakhala ataigwira m'manja, mwini nyumba akuyang'ana kudenga. Kenako anaipereka kwa mbusa wamng'ono pa onse amene analipo, mnyamata wongokwatira kumene.

"Kawapatse mayi," anatero. "Ukawauze kumene yachokera."

Anachita choncho mpaka ukalamba unawagoneka. Ngati panalibe mbusa woti amupatse, ankabwera nayo kunyumba m'thumba lomwe lija n'kudzandipatsa ine. Ndinadya nthutumba zambiri za Mayi Esinati, ndipo palibe imene inatsika bwino pakhosi.

Anadwala chifuwa m'chiperoni china, dziko lisanasinthe, nthawi imene tinkalankhulabe monong'ona. Sanavutitse. Tinawaika pambali pa mkazi wawo, ndipo pamaliro awo anthu anadzaza mpaka kumsewu. Abusa ambiri anabwera ndi akazi awo, atakhala nawo pamodzi, zimene masiku amenewo sizinkaonekaoneka. Nyimbo zonse zinayamba bwino, popanda woisokoneza, ndipo ine ndi pamene ndinalira kwambiri.

Amuna anga anapuma ubusa kalekale, ndipo tsopano nawonso anatsogola. Ndimakhalabe ku Ndirande, ndipo popita kumsika ndimadzera dala kuseri kwa tchalitchi chija. Mpeyala anaudula pokulitsa holo. Chingwe kulibe, patsala msomali umodzi pakhoma pamene chinkamangidwa. Kanyumba kaja kalipobe, amasungiramo mabenchi othyoka ndi ng'oma za kwaya, ndipo pakhonde pake, pamene pankakhala mipando iwiri yoyang'ana kumsewu, pamagona galu wa alonda. Lolemba pamakhala zii. Sabata yatha ndinapempha mlonda kuti anditsegulire. Kuseri kwa chitseko, m'munsi mwa pamene ankakoleka jekete, pali banga lakuda la mafuta, lalikulu ngati chikhatho cha mwana. Mlondayo akuti apakapo laimu kangapo konse, koma chikangofika chiperoni limatulukiranso. Anandifunsa ngati ndikudziwa chimene chinatayikira pamenepo, ndipo ine ndinangoika chikhatho changa pabangapo.